Mkangano wa Blu-ray ndi HD DVD: Wogula Anathetsa Nkhondo, Koma Sanasankhe Wopambana

Pa 4 Januwale 2008, kutangotsala masiku ochepa kuti chionetsero chachikulu cha zipangizo zamagetsi cha CES chiyambe mumzinda wa Las Vegas, kampani yopanga mafilimu ya Warner Bros. inalengeza kuti pofika kumapeto kwa mwezi wa Meyi chaka chomwecho idzasiya kutulutsa mafilimu ake pa zimbale za HD DVD, ndipo idzatsalira pa Blu-ray basi. Iyi inali mitundu iwiri ya zimbale zatsopano imene inkalimbirana kulowa m'malo mwa DVD: HD DVD inkatsogoleredwa ndi Toshiba, Blu-ray ndi Sony. Chifukwa chimene akuluakulu a kampaniyo anapereka chinali chakuti ogula anali atasankha kale, ndipo mbali imene anasankhayo inali ya Blu-ray. Gulu lolimbikitsa HD DVD, limene linali litakonza msonkhano wa atolankhani pa chionetserocho, linalepheretsa msonkhanowo. Patangopita milungu isanu ndi umodzi ndi masiku angapo, pa 19 Febuluwale, mtsogoleri wa kampani ya Toshiba, Atsutoshi Nishida, anauza atolankhani ku Tokyo kuti kampani yake yasiya kupanga makina a HD DVD.

Kuchokera nthawi imeneyo nkhaniyi imakambidwa ngati chitsanzo cha msika umene unagamula mlandu mwachilungamo: mitundu iwiri ya zimbale inaikidwa pamaso pa anthu, anthu anayesa, ndipo wabwino anapambana. Ine sindikugwirizana ndi kafotokozedwe kameneka. Maganizo anga ndi akuti wogula anali ndi mphamvu pa mkanganowu, koma mphamvuyo sinali pamene a Warner ananena. Anthu ambiri sanasankhe Blu-ray ndipo sanasankhe HD DVD; anakana kugula zonse ziwiri mpaka eni ake atamvana, ndipo kukana kumeneko ndiko kunakakamiza makampani kuthetsa nkhondo. Koma za amene adzapambane zinagamulidwa kwina, m'zipinda za misonkhano za makampani a mafilimu, m'maofesi a masitolo akuluakulu, ndiponso mkati mwa makina osewerera magemu amene ambiri anawagula pa zifukwa zosakhudzana ndi mafilimu.

Mkanganowu unali ndi mizu yakale. Sony inatulutsa matepi a kanema a Betamax mu 1975, JVC inabwera ndi VHS mu 1976, ndipo patatha zaka zoposa khumi akukokana, Sony inagonja n'kuyamba kupanga makina a VHS mu 1988. Pamene nthawi ya DVD inkayandikira, magulu awiri anali atayambanso kukonzekera nkhondo yofanana, Sony ndi Philips mbali ina, Toshiba ndi Time Warner mbali inayo, koma makampani a makompyuta anakana kulandira mitundu iwiri ya zimbale, ndipo mu 1995 maguluwo anagwirizana pa mtundu umodzi umene unatsamira kwambiri pa luso la Toshiba. Mtenderewo unabala chipangizo chimene chinafalikira mofulumira kwambiri, komanso unaphunzitsa makampani onse kuti mwini wa luso limene lili mkati mwa chimbale amatolera ndalama pa makina alionse ndi chimbale chilichonse chopangidwa pa dziko lapansi kwa zaka zambiri. Choncho pamene Sony, Panasonic, Philips, Pioneer, Samsung ndi anzawo analengeza Blu-ray mu 2002, ndipo Toshiba ndi NEC anabweretsa mtundu wawo umene bungwe la DVD Forum linauvomereza mu 2003, chimene ankalimbirana chinali ndalama za ziphaso zimenezo. Zokambirana zofuna kuwayanjanitsa zinachitika mu 2005, koma zinalephereka. Palibe wogula amene anapempha kuti pakhale mitundu iwiri.

Kusiyana kwa zimbalezi kunali kwenikweni, ngakhale kuti kunali kobisika. Zonse ziwiri zinali za kukula kofanana ndi DVD, ndipo zonse zinkawerengedwa ndi kuwala kwa buluu kwa leza (laser), kumene kumatha kuloza timadontho tating'ono kwambiri kuposa kuwala kofiira kwa DVD. Pa HD DVD, malo olembedwapo filimu anali mamilimita 0.6 pansi pa nkhope ya chimbale, chimodzimodzi ndi pa DVD, kotero kuti fakitale yodinda ma DVD inkangofunika kusintha zinthu zochepa kuti iyambe kudinda zimbale zatsopanozi. Pa Blu-ray malowo anali mamilimita 0.1 okha kuchokera pamwamba, zimene zinalola kuti chimbale chinyamule zambiri, koma zinafuna mizere yatsopano m'mafakitale ndiponso chophimba cholimba choteteza chimbalecho kuti chisakandike. Zotsatira zake zinali zakuti HD DVD inkanyamula 15 GB pa mpanda umodzi (layer) wa malo olembedwapo ndi 30 GB pa mipanda iwiri, pamene Blu-ray inkanyamula 25 GB ndi 50 GB. DVD wamba imanyamula 4.7 GB kapena 8.5 GB.

Funso limene limazembedwa kawirikawiri n'lakuti kodi munthu wokhala pa mpando m'chipinda chake chochezera ankaona chiyani pa zonsezi. Yankho lake n'lakuti ankaona zochepa kwambiri. Mitundu yonse iwiri inkaonetsa chithunzi cha mizere 1080, ndipo yonse inkalandira njira zitatu zofanana zopanikizira kanema, za MPEG-2, VC-1 ndi AVC. Pamene Warner inkatulutsa filimu imodzi pa mitundu yonse iwiri, nthawi zambiri chithunzi chinali chimodzimodzi, chifukwa chinkachokera pa ntchito imodzi. Ndipotu m'miyezi yoyambirira zitafika pa msika mu 2006, zimbale zambiri za Blu-ray zinatuluka pa mpanda umodzi wokha ndi njira yakale ya MPEG-2, ndipo olemba ndemanga za zipangizo zamagetsi anadandaula kuti zina mwa izo zinkaoneka moperewera poyerekeza ndi za HD DVD. Mwayi waukulu wa Blu-ray, wa malo ochuluka, unali lonjezo la m'tsogolo, osati chinthu chimene wogula wa chaka chimenecho akanachiloza ndi chala.

Pa zinthu zimene wogula akanatha kuziyeza yekha, HD DVD ndiyo inali patsogolo. Makina oyamba a Toshiba anafika m'masitolo a ku Japan pa 31 Malichi 2006, ndipo mu Epulo anafika ku America, kumene otsika mtengo, a HD-A1, ankagulitsidwa madola 499. Makina oyamba a Blu-ray ku America, a Samsung BD-P1000, anatuluka mu Juni pa mtengo wa pafupifupi madola 1,000. Kusiyana kumeneku kunapitirira mpaka kumapeto, ndipo kumayambiriro kwa Novembala 2007 masitolo a Walmart anagulitsa makina a Toshiba HD-A2 pa mtengo wosafika madola 100 kwa kanthawi kochepa. Makina alionse a HD DVD anali ndi polumikizira intaneti kuyambira tsiku loyamba, ndipo ankatha kuonetsa kachithunzi kachiwiri pakona, monga ka wotsogolera filimu akufotokoza mmene anajambulira. Blu-ray inafika pa msika malamulo ake asanamalizidwe. Panali gawo la 1.0, kenako 1.1, kenako 2.0, ndipo munthu amene anagula makina odula a gawo loyamba anadzapeza kuti sangaonetse zina mwa zowonjezera za pa zimbale zatsopano.

Panalinso nkhani ya malire a zigawo. Zimbale za HD DVD zinalibe loko wa chigawo, kotero kuti chimbale chogulidwa ku London chinkaonetsedwa pa makina ogulidwa ku New York kapena ku Tokyo popanda vuto. Blu-ray inagawa dziko lapansi patatu, A, B ndi C, ndipo inapatsa kampani ya mafilimu ufulu wotseka chimbale kuti chizigwira ntchito m'chigawo chimodzi chokha. Sindinamvepo za wogula amene amakonda kuti chimbale chimene walipira ndi ndalama zake chikane kuseweredwa chifukwa chakuti wawoloka nyanja. Ngati tikunena kuti mkanganowu unagamulidwa ndi zokonda za ogula, tiyenera kufotokoza chifukwa chimene mtundu wotsika mtengo, womalizidwa bwino ndi wopanda malire unagonja kwa mtundu wodula, wosamalizidwa ndi wokhala ndi malire.

Kufotokozako kumayambira pa mfundo yosavuta, yakuti munthu sagula makina kuti aziwayang'ana. Amagula filimu, ndipo makina ndi njira chabe yofikira ku filimuyo. Apa ndi pamene ufulu wa wogula unathera, chifukwa makampani a ku Hollywood anagawana mbali. Sony Pictures, imene ndi ya Sony yomwe, inali ku Blu-ray kokha, pamodzi ndi Disney, 20th Century Fox, MGM ndi Lionsgate. Universal inali ku HD DVD kokha. Warner ndi Paramount, poyamba, zinkatulutsa mbali zonse. M'sitolo ya ku America ya nthawi imeneyo, zimbalezi zinkaikidwa pa mashelefu oyandikana, za HD DVD m'timabokosi tofiira, za Blu-ray m'timabokosi ta buluu, tonse tofupikirapo pang'ono kuposa ta DVD. Bambo wofuna makatuni a Disney a ana ake ndi filimu ya Universal yake yomwe ankayenera kugula makina awiri kapena kusiya chimodzi. Zimene munthu wotere ankachita pa kauntala sizinali kusankha pakati pa maluso awiri. Ankangotsatira kumene mafilimu ake atsekeredwa.

Tikafunsa chimene chinakokera makampani a mafilimu mbali iyi kapena iyo, timapeza zifukwa zimene sizinali za wogula, ndipo zina zinali zotsutsana naye. Mitundu yonse iwiri inali ndi chitetezo choletsa kukopa chotchedwa AACS, koma Blu-ray inawonjezera chachiwiri, cha BD+, ndipo Fox inaonetsa poyera kuti chitetezo chowonjezerachi chinali chachikulu pa kusankha kwake. Nkhawa yawo inali ndi maziko, pakuti pofika kumapeto kwa 2006 anthu anali atapeza kale njira yozembera AACS, ndipo mu Meyi 2007 nambala yachinsinsi yotsekulira zimbale inafalikira pa intaneti ngakhale maloya anayesetsa kuiletsa. Koma chitetezo chimenechi chinkathandiza mwini filimu. Kwa wogula chinkatanthauza kudikira nthawi yaitali chimbale chisanayambe, ndiponso kufunika kokonzanso mapulogalamu a m'makina nthawi ndi nthawi kuti zimbale zatsopano zitseguke. Bill Gates wa Microsoft, kampani imene pamodzi ndi Intel inaima kumbali ya HD DVD mu Seputembala 2005, anadzudzula chitetezo cha Blu-ray kuti n'chopondereza wogula, ngakhale kuti iyenso anali ndi zake zoteteza, popeza pulogalamu ya zowonjezera za pa HD DVD inali ndi dzanja la Microsoft pamene ya Blu-ray inali ya Java.

Mbali ya HD DVD nayonso sinali yoyera m'manja. Mu Ogasiti 2007, Paramount ndi DreamWorks Animation zinalengeza kuti zasiya Blu-ray ndipo zizitulutsa pa HD DVD pokha, kupatula mafilimu otsogoleredwa ndi Steven Spielberg. Nyuzipepala ya New York Times inalemba kuti makampani awiriwa analandira ndalama ndi zolimbikitsa zina zokwana pafupifupi madola 150 miliyoni. Chodabwitsa n'chakuti izi zinachitika pa nthawi imene zimbale za Blu-ray zinkagulidwa kwambiri kuposa za HD DVD. Ngati kampani ingatembenukire kumene kuli makasitomala ochepa chifukwa cha cheke, ndiye kuti mawu akuti makampani ankangotsatira ogula sangaimirire okha. Amene anali ndi makina a Blu-ray, ndipo ankayembekezera mafilimu a Paramount a chaka chimenecho, anangodzuka m'mawa n'kumva kuti asawayembekezerenso.

Komabe chida chachikulu pa nkhondoyi sichinali kampani ya mafilimu. Chinali PlayStation 3. Sony inaika chowerengera Blu-ray m'makina alionse a magemu amenewa, amene anatuluka ku Japan ndi ku America mu Novembala 2006, ndi ku Ulaya mu Malichi 2007. Ku America ankagulitsidwa madola 499 ndi 599, kutanthauza kuti makina a magemu anali otsika mtengo kwambiri kuposa makina ongoonetsa Blu-ray, pamene akatswiri amene anawamasula n'kuwerengera zamkati anayerekeza kuti kupanga amodzi kunkadya madola oposa 800. Sony inkaluza ndalama pa makina alionse, ndipo inalolera kuti PlayStation 3 ichedwe chaka chathunthu kumbuyo kwa Xbox 360, makina a magemu a Microsoft, mwa zina chifukwa cha kuchepa kwa tizipangizo ta leza ya buluu. Microsoft inatenga njira ina: chowerengera HD DVD chinali chogula padera, pa madola 199, cholumikiza ndi chingwe, ndipo magemu a Xbox 360 anapitiriza kutuluka pa DVD wamba. Pofika nthawi imene Toshiba inagonja, makina a PlayStation 3 oposa 10 miliyoni anali atagulidwa pa dziko lonse, pamene makina a HD DVD a mitundu yonse anali pafupifupi miliyoni imodzi.

Otsutsana nane ali ndi manambala awo, ndipo ndi oyenera kuwamvetsera. M'chaka cha 2007 ku America, pa zimbale zitatu zilizonse za mitundu yatsopanoyi zimene zinagulidwa, pafupifupi ziwiri zinali za Blu-ray. Mu Juni chaka chomwecho, kampani yobwereketsa mafilimu ya Blockbuster inanena kuti m'masitolo 250 amene inayeseramo mitundu yonse iwiri, makasitomala oposa 70 pa 100 alionse ankabwereka Blu-ray, ndipo pa chifukwa chimenecho inaika Blu-ray yokha m'masitolo ena 1,450. Amenewa anali anthu enieni otulutsa ndalama zenizeni, ndipo Warner sinaname pamene inaloza manambalawa. Wina anganenenso kuti wogula PlayStation 3 ankadziwa kuti muli Blu-ray, ndipo ena anaigula pa chifukwa chomwecho, chifukwa inali makina abwino kwambiri a Blu-ray pa nthawiyo, otha kukonzedwanso kudzera pa intaneti mpaka kufika gawo la 2.0.

Ndikuvomereza zonsezi, koma sindikuona kuti zikufika pamene zikufuna kufika. Mnyamata amene wagula makina kuti azisewera mpira kapena mpikisano wa magalimoto, n'kupeza kuti makinawo amaonetsanso mafilimu, akapita kukabwereka chimbale adzatenga cha bokosi la buluu chifukwa ndicho chokha chimene chingalowe. Sanayerekeze chilichonse. Kuchuluka kwa makinawo kukadakhala chizindikiro cha chikondi cha pa Blu-ray, kusiyana kwa malonda a zimbale kukadayandikira khumi kwa mmodzi monga mmene makina ankasiyanirana. Koma kunali kuwiri kwa mmodzi, zimene zikusonyeza kuti eni PlayStation 3 ambiri ankagula zimbale zochepa kapena sankagula n'komwe, pamene eni makina a HD DVD, amene anawagula ndi cholinga cha mafilimu basi, ankagula zambiri aliyense. Pakati pa anthu amene anapita ku sitolo kukafuna makina a mafilimu okhaokha, Toshiba inapikisana mwamphamvu mpaka Khirisimasi ya 2007. Chisankho chinawerengedwa ndi mavoti a anthu amene sankadziwa kuti akuvota.

Ndipo ngakhale mavoti onsewo titawaphatikiza, anali ochepa zedi. Mu 2007 anthu a ku America anawononga madola oposa 23 biliyoni pogula ndi kubwereka mafilimu oonera kunyumba, ndipo zimbale za Blu-ray ndi HD DVD pamodzi zinatenga pafupifupi madola 300 miliyoni okha pa ndalamazo, osafika ngakhale magawo awiri pa 100 alionse. Khamu lalikulu linakhalabe pa DVD. Anthuwa sanali mbuli kapena otsalira. Anali ndi zifukwa zomveka. Kuti munthu aone phindu la zimbale zatsopano ankafunika TV yatsopano yaikulu, chingwe cha HDMI, makina atsopano, ndi kugulanso pa mtengo wokwera mafilimu amene anali nawo kale. Kuchoka pa tepi kupita pa DVD kunabweretsa zambiri nthawi imodzi: kunalibenso kubweza tepi m'mbuyo, tepi kutafunidwa ndi makina, kapena chithunzi kufwifwa pa kuonera kulikonse, ndipo munthu ankadumphira pa gawo lililonse la filimu ndi batani limodzi. Kuchoka pa DVD kupita pa Blu-ray kunabweretsa chithunzi chowala ndi mawu omveka bwino basi, ndipo pa TV yaing'ono yoonera patali kusiyanako kunali kovuta kukuzindikira. Pamwamba pa izo, akuluakulu ambiri ankakumbukira achibale amene anatsala ndi makina a Betamax opanda matepi.

Makampani ena anazindikira mantha amenewa n'kuyesa kuima pakati. Kumayambiriro kwa 2007, LG inatulutsa makina a BH100 owerenga mitundu yonse iwiri, koma pa mtengo wa madola pafupifupi 1,200, umene unali woposa kugula PlayStation 3 ndi makina a Toshiba pamodzi, ndipo sankaonetsa mokwanira zowonjezera za pa HD DVD. Samsung inatsatira ndi makina ake a mitundu iwiri. Warner inalengeza chimbale cha Total Hi Def, cha Blu-ray mbali imodzi ndi HD DVD mbali inayo, koma chimbalecho sichinafike m'sitolo iliyonse. Akale anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo Warner inadzionera yokha: inkalipira kudinda filimu iliyonse kawiri, kuitumiza kawiri ndi kuitsatsa kawiri, pa msika umene sunkakula monga mmene inkayembekezera.

Apa ndi pamene mphamvu yeniyeni ya wogula inaonekera. Malonda a DVD, amene anali atakwera chaka ndi chaka kuyambira 1997 ndipo anali atasanduka gwero lalikulu la phindu ku Hollywood, anali atayamba kutsika. Makampani ankayembekezera kuti zimbale zatsopano zidzatseka dzenjelo, koma anthu ankadikira, ndipo panali mantha akuti ena ayamba kuzengereza ngakhale kugula DVD poganiza kuti posachedwa itha ntchito. Warner, imene inali ndi gawo lalikulu kwambiri pa msika wa mafilimu a kunyumba, inanena momveka m'chilengezo chake kuti chisokonezo chikapitirira, mwayi wa zimbale zatsopano ungadutse osabwereranso. Mawu amenewa ndi oona kuposa aja akuti ogula asankha. Kampaniyo inkafuna kuti nkhondo ithe, ndipo njira yachidule inali yopita kumene kunali kale makampani ambiri ndi makina ambiri. Itangotero, enawo anagwa motsatizana. Netflix, imene inkabwereketsa zimbale pa positi, ndi kampani ya masitolo ya Best Buy zinalengeza pa 11 Febuluwale kuti zikutsamira ku Blu-ray, Walmart inatsatira pa 15, ndipo Toshiba itagonja pa 19, Universal ndi Paramount zinasamuka m'masiku omwewo. Sitolo imafuna shelefu imodzi m'malo mwa awiri, ndipo silabadira kwenikweni mtundu wa bokosi.

Sindikunena kuti mtundu wolakwika ndiwo unapambana. Malo ochuluka a Blu-ray anadzakhala othandiza, makamaka pa mafilimu aatali ndi mawu osapanikizidwa, chophimba chake cholimba chimapirira kukandika kuposa DVD, ndipo luso lomwelo linakulitsidwa kukhala Ultra HD Blu-ray mu 2016. Toshiba yomwe inatulutsa makina ake a Blu-ray kumapeto kwa 2009. Koma kunena kuti zotsatira zinali zabwino n'kosiyana ndi kunena kuti anthu anazisankha, ndipo kusakaniza ziwirizi kumabisa amene analipira. Amene anagula HD DVD, ena a iwo milungu yochepa chabe chilengezo cha Warner chisanatuluke, anatsala ndi makina amene sakanalandiranso filimu yatsopano. Best Buy inawapepesa ndi makadi ogulira katundu a madola 50, ndipo mu 2009 Warner inayambitsa ndondomeko ya Red2Blu yosinthira mafilimu ake a bokosi lofiira ndi a bokosi la buluu pa kandalama kochepa. Zinali zabwino, koma zinali zochepa kwa munthu amene anachita zonse zimene wogula wanzeru amalangizidwa: anayerekeza mitengo, anawerenga ndemanga, nasankha chomalizidwa bwino.

Kunoko mkanganowu unadutsa patali, ndipo mtunda umenewo ukuonetsa kuchepa kwa gulu limene linkatchedwa ogula. M'zaka zimenezo mafilimu ankafika m'nyumba zambiri za ku Malawi ndi ku Zambia, ndi m'nyumba zoonetsera kanema za m'misika, pa VCD ndi pa DVD zodzaza mafilimu angapo pa chimbale chimodzi, zoseweredwa pa makina otsika mtengo amene sankafunsa za chigawo. Pa mapu a DVD, Malawi anali m'chigawo 5 pamene South Africa inali m'chigawo 2, ndipo pa mapu a Blu-ray Africa yense anaikidwa m'chigawo B pamodzi ndi Ulaya. Palibe anatifunsa pa mapu onse awiri. Anthu atasiya zimbale, sanapite ku Blu-ray koma ku fulashi, memori khadi ndi foni.

Ndipo kumeneko ndi kumene ogula a ku America ndi ku Ulaya nawonso ankalowera, ngakhale kudzera pa msewu wina. Netflix inayamba kuonetsa mafilimu pa intaneti mu Januwale 2007, nkhondo ya zimbale ili pakati. Microsoft inali itayamba kale kubwereketsa mafilimu kudzera pa Xbox 360 mu Novembala 2006, ndipo Apple inayamba kubwereketsa mafilimu pa iTunes mu Januwale 2008, mwezi womwe Warner inasankha mbali. Chithunzi cha pa intaneti cha nthawi imeneyo chinali choperewera kwambiri poyerekeza ndi cha Blu-ray, nthawi zina choperewera ngakhale kwa DVD, koma anthu anachilandira chifukwa sichinkafuna ulendo wa ku sitolo, makina atsopano kapena kubetcha pa mtundu wa bokosi. Pamene anthu anapatsidwa mwayi wosankha pakati pa kuwala kwa chithunzi ndi kuphweka kwa kuchipeza, ambiri anatenga kuphweka. Zaka ziwiri zimene Sony ndi Toshiba anathera akulimbana zinali zaka zomwe chimbale chatsopano chikanakhazikika m'nyumba za anthu intaneti isanafulumire.

Blu-ray sinafikepo pa ulemerero umene DVD inafika, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pa chipambano chake, DVD yakale ija inapitiriza kugulidwa kwambiri kuposa iyo. Blockbuster, imene manambala ake anathandiza kugamula mlandu, inagwa mu 2010. Samsung, imene inapanga makina oyamba a Blu-ray a ku America, inasiya kutulutsa atsopano kumeneko mu 2019. Netflix inatumiza zimbale zake zomaliza pa positi mu Seputembala 2023, Best Buy inachotsa mafilimu a pa zimbale m'masitolo ake kumayambiriro kwa 2024, ndipo LG inasiya kupanga makina a Blu-ray kumapeto kwa chaka chomwecho. Njira yotsekera filimu mbali imodzi sinafe. Lero ili pakati pa Netflix, Disney+, Prime Video ndi anzawo, kumene munthu amalipira mwezi ndi mwezi malo awiri kapena atatu kuti apeze zimene kale zinkakhala pa shelefu imodzi, ndipo filimu imene anaiona mwezi watha imatha kuchotsedwa mgwirizano wa makampani ukatha. Amene akugulabe Blu-ray lero ndi kagulu kochepa ka anthu okonda mafilimu, amene amadziwa bwino lomwe kuti pa intaneti n'potsika mtengo ndi pophweka, koma amafuna chithunzi chosapanikizidwa kwambiri ndi filimu imene palibe kampani ingaichotse m'nyumba mwawo, ndipo amagula ku makampani ang'onoang'ono monga Criterion ndi Arrow amene amakonzanso mafilimu akale mosamala. Anthu amenewa ali ndi njira zina patsogolo pawo, palibe makina a magemu amene anawakankhira kumeneko, ndipo amalipira mtengo wokwera mwadala. Ngati pali ogula amene tinganene mosakayika kuti anasankha Blu-ray, ndi amenewa, ndipo anaisankha patapita zaka zoposa khumi kuchokera pamene Warner inalengeza kuti kusankha kwatha.